Njala, kusowa tulo ndi ntchito yakalavulagaga pa usilikali: mafunso ndi mayankho okhudza kupirira ndi kuchira kwa thupi

Mayankho awa talembera asilikali, alangizi awo, achipatala a m'magulu a nkhondo ndi aliyense amene akukonzekera maphunziro ovuta a kutchire. Manambala ambiri ndi ochokera ku America, Norway, Britain ndi Israel, kumene madokotala anapima magazi, minofu ndi mafupa a asilikali asanalowe m'maphunziro, ali mkati, komanso atatuluka. Chimene chimaoneka m'kafukufuku yenseyu n'chakuti thupi la wachinyamata wathanzi limatha kupirira njala ndi kutopa koopsa n'kubwerera m'chimake. Limagonja likabwezedwa ku ntchito yomweyo lisanamalize kuchira.

Msilikali ali kutchire amafunika chakudya chochuluka bwanji?

Mwamuna wogwira ntchito yokhala pampando amatha makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 2,500 patsiku. Msilikali woyenda pansi ndi chikwama cholemera kumsana, wokumba maenje obisalamo, wolondera usiku, amapitirira 4,000 mosavuta. Kumapiri ndi kumalo ozizira kwambiri nambalayi imafika pa 6,000 kapena kuposerapo, monga anapezera pa asilikali a ku Norway oyenda pa chipale chofewa atasenza katundu.

Zolowa m'kamwa sizikwera nawo. Asilikali ambiri kutchire amadya makalori 3,000 kapena kucheperapo, ngakhale chakudya chitaperekedwa chokwanira. Paketi imodzi ya MRE, chakudya cha kutchire cha asilikali a ku America, imakhala ndi makalori pafupifupi 1,250, ndipo munthu amayenera kudya mapaketi atatu patsiku. Koma usiku woti mawa ndi ulendo, msilikali amakhala pansi n'kung'amba mapaketi onse, timatumba tolemera ta chakudya chenicheni n'kuika pambali, maswiti ndi mabisiketi n'kulonga, kuti chikwama chipepuke. Makalori mazana angapo atsala pamenepo ulendo usanayambe n'komwe. Ena amatayika chifukwa nthawi yodyera ndi mphindi zochepa, chakudya n'chozizira, n'chomwechomwecho tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wamantha, waludzu kapena wosagona chakudya sichimukomera. Lamulo la asilikali a ku America limati MRE isakhale chakudya chokhacho cha munthu kwa masiku opitirira 21 otsatizana.

Powerengera, phatikizani kuperewera kwa masiku onse. Woperewedwa makalori 1,500 patsiku, pa masiku 10 amakhala ataperewedwa 15,000. Akatswiri atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mu 2018 anapeza kuti mphamvu za miyendo zimangotsika pang'ono kuperewera konse kukakhala kosapitirira makalori pafupifupi 19,000, koma kukayandikira 40,000 zimatsika moonekeratu.

Thupi likaperewedwa chakudya limayamba kudya chiyani?

Limayamba ndi glycogen, shuga wosungidwa m'minofu (magalamu 400 mpaka 500) ndi m'chiwindi (pafupifupi magalamu 100). Galamu iliyonse ya shugayu imasungidwa pamodzi ndi madzi okwana magalamu 3, choncho makilogalamu awiri amene amasowa pa sikelo m'masiku oyamba ndi shuga ndi madzi basi. Akatha shugayu miyendo imalemera, kuthamanga kwadzidzidzi kumakanika, mutu sugwira.

Kenako limatembenukira ku mafuta. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imapereka makalori pafupifupi 7,700, ndiye nkhokweyi ndi yaikulu ndithu. Vuto ndi ubongo, umene umafunabe shuga. Pofuna kuupezera shugayo, thupi limaphwanya mapuloteni a m'minofu n'kuwatumiza ku chiwindi, ndipo homoni ya cortisol, imene imakwera munthu akapanikizika, ndi imene imafulumizitsa zimenezi.

Kuchuluka kwa minofu yotayika kumadalira mafuta amene munthu analowa nawo. Mwa amuna, mafuta satsika kwenikweni kupitirira 4 kapena 5 peresenti ya thupi. Akafika pamenepo, kuperewera kulikonse kumalipidwa ndi minofu. Tsono mnyamata uja anzake amamusirira kuti ndi minofu yokhayokha ndi amene amayamba kuphwasuka maphunziro akatalika.

Umboni wa zimenezi pa asilikali enieni ndi wotani?

Wodziwika kwambiri ndi wa ku Ranger School, maphunziro a asilikali a ku America a masiku pafupifupi 61 amene amachitikira ku Georgia ndi m'madambo a ku Florida. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Karl Friedl ndi anzake a ku USARIEM, bungwe lofufuza za umoyo wa asilikali lomwe lili ku Natick, anatsatira ophunzira kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Gulu loyamba linatsika ndi pafupifupi 16 peresenti ya kulemera kwa thupi, makilogalamu 12 pa masabata 8, likugona maola osakwana 4 patsiku. Chaka chotsatira anawonjezera makalori pafupifupi 400 patsiku. Kutsikako kunachepa kufika pa 13 peresenti, ndipo chitetezo cha m'thupi sichinafooke ngati poyamba. Makalori 400 ndi mtedza wa magalamu 70 okha.

Bradley Nindl ndi anzake anafalitsa mu 2007 zina zimene zinapimidwa pa ophunzira a Ranger: theka la mafuta a m'thupi linatha, thupi lopanda mafuta (minofu, mafupa, ziwalo ndi madzi) linachepa ndi 6 peresenti, mphamvu zonyamulira zinatsika ndi 20 peresenti, testosterone (homoni yachimuna) ndi 83 peresenti, IGF-1 (homoni yomanga minofu ndi mafupa) ndi 55 peresenti, pamene cortisol inakwera ndi 32 peresenti. Taonani kusiyana kwa 6 ndi 20. Mphamvu zimatsika kwambiri kuposa mnofu wooneka ndi maso.

Kodi thupi silizolowera njala likamakumana nayo kawirikawiri?

Ayi, ndipo maganizo amenewa avulaza anthu ambiri. Zilipo zimene thupi limazolowera. Mukagwira ntchito potentha masiku 10 mpaka 14, thukuta limayamba kutuluka msanga, lochuluka, la mchere wochepa. Msana ndi miyendo zimazolowera katundu. Khungu la kumapazi limakhuthala. Zonsezi zimatheka chifukwa thupi limamanga china chatsopano, ndipo kumanga kumafuna chakudya ndi tulo. Njala ilibe chimene imamanga.

Munthu akakhala ndi njala nthawi yaitali, thupi limangozimitsa zina mwa ntchito zake kuti lisunge mphamvu. Homoni ya chithokomiro yotchedwa T3 imatsika, mahomoni a uchembere amatsika, kukonza mafupa kumachedwa. Izi zinaoneka bwino ku Minnesota, ku America, mu 1944 ndi 1945, pamene katswiri wofufuza Ancel Keys anaika amuna 36 odzipereka pa theka la chakudya chimene ankafunika kwa masabata 24. Anatsika ndi 25 peresenti ya kulemera kwawo. Mphamvu zimene thupi limatha munthu atangogona zinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti, mtima unachoka pa kugunda ka 55 pamphindi kufika pa 35, ankazizidwa nthawi yotentha, ndipo nkhani yawo inali ya chakudya basi. Anakhala ndi moyo, koma panalibe amene analimba kuposa kale.

Chimene chimaphunzira ndi mutu. Amene anadutsamo amadziwa kuti chizungulire cha tsiku lachitatu sichimupha, amadziwa kugawa chakudya chake, kusamala mapazi, ndi kudzikayikira akatopa asanapange chisankho chachikulu. Phunziro limeneli ndi lenileni, ndipo ndi chifukwa chake maphunziro otere alipo. Koma ife tikuona kuti limalowa pa ulendo woyamba kapena wachiwiri. Kulibwereza mwezi ndi mwezi sikuwonjezera nzeru, kumangodya minofu ndi mafupa.

Kuchira kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Ziwalo sizichira pamodzi, ndipo ngozi yonse yagona pamenepa.

Shuga wa m'minofu amabwerera pa tsiku limodzi kapena awiri, munthu akadya zakudya zopatsa mphamvu zokwanira. Mahomoni amatsatira msanga. Mu 2018 ku Norway anapima anyamata amene anadutsa sabata yoopsa yosankhira asilikali apadera a pamadzi. Testosterone inatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, koma patatha sabata imodzi inali itabwerera. Kudumpha m'mwamba kokha kunali kusanabwerere ngakhale patatha masabata awiri. Ophunzira a Ranger amene anapimidwanso patatha masabata 5 ndi amene anapezeka kuti mphamvu zawo zabwerera.

Ubongo nawo umachedwa kuposa mmene anthu amaganizira. Pa kafukufuku wa mu 2003 wa ku Walter Reed, bungwe la asilikali a ku America lofufuza za umoyo, anthu amene anachepetsedwa tulo kwa masiku 7 anapatsidwa mausiku atatu ogona maola 8, koma changu chawo poyankha chinali chisanafikebe pomwe chinali. Mafupa ndiye amathera kumapeto: kuti fupa ligumule mbali yotopa n'kumanganso pamafunika miyezi 3 kapena 4. Ayironi akatha m'thupi, kumubwezeretsa n'kwa miyezi.

Ndiye taganizirani msilikali amene watuluka kutchire sabata yatha. Wagona, wadya, nkhope yadzadza, sikelo yabwerera, mtima uli m'malo. Iye mwini akuti ali bwino, ndipo sakunama, ndi mmene akumvera. Koma miyendo yake sikuwakha thupi ngati kale akadumpha kuchoka pa galimoto, ndipo mafupa ake ali pakati pa kukonzedwa. Akalowa m'maphunziro ena sabata imeneyo amayambira pansi pa pomwe anayambira poyamba, ndipo ulendo wachitatu amayambira pansi kuposa apo. Ili ngati ngongole imene mukukongola ina musanabweze yoyamba.

N'chifukwa chiyani ambiri amanenepa akatuluka?

Mafuta amabwerera msanga kuposa minofu, ndipo njala siileka mpaka minofu itabwerera. Pofika nthawi imeneyo mafuta amakhala atapitirira pomwe anali. Ophunzira a Ranger aja, patatha masabata 5, anali ndi mafuta ambiri kuposa amene analowa nawo. Amuna a ku Minnesota atamasulidwa kuti adye mmene akufunira ankadya makalori oposa 5,000 patsiku akumvabe njala, ndipo zinawatengera pafupifupi chaka kuti thupi likhazikike.

Cholakwika chachikulu n'kuchita mantha ndi mimba n'kuyamba kudzimana chakudya pamene minofu ikumangidwa. Musatero. Idyani katatu kapena kanayi patsiku pa nthawi yokhazikika, chakudya chilichonse chikhale ndi zomanga thupi, ndipo yambani kunyamula zitsulo pang'onopang'ono. Minofu ikabwerera njala ija imazirala yokha.

Choopsa kwambiri n'chiti, kusowa chakudya kapena kusowa tulo?

Pa mahomoni ndi minofu, chakudya ndiye chachikulu. Ophunzira a Ranger atapatsidwa chakudya chokwanira kwa masiku ochepa mkati mwa maphunziro, testosterone, T3 ndi IGF-1 zinakwera msanga ngakhale mavuto ena anali akupitirira, ndipo chakudya chitachepanso zinatsikanso. Pa mutu, tulo ndiye chachikulu, ndipo palibe chakudya chingalowe m'malo mwake. Munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu ngati amene wamwako mowa. Choopsa china n'chakuti wogona maola 6 okha kwa masabata awiri amafooka maganizo tsiku ndi tsiku koma iye osadziwa. Amaona ngati wazolowera.

Ziwirizi zikakumana zimakulitsana. Ku Chicago mu 2010 anthu onenepa anaikidwa pa chakudya chochepa chofanana kwa masiku 14, nthawi ina akugona maola 8.5, nthawi ina 5.5. Sikelo inatsika mofanana, koma pa tulo tochepa mafuta otayika anachepa ndi 55 peresenti, pamene thupi lopanda mafuta lotayika linachuluka ndi 60 peresenti. Sanali asilikali, koma thupi ndi lomwelo. Ngati chakudya chachepa ndipo palibe chochita, menyerani tulo.

Kodi kudya mapuloteni ambiri kungateteze minofu?

Kumathandiza, koma kuli ndi malire. Pa kafukufuku wa mu 2013, anthu amene anachepetsedwa chakudya ndi 40 peresenti kwa masiku 21 anasunga minofu bwino akamadya magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, kusiyana ndi odya 0.8. Okwera kufika pa 2.4 sanapindule kuposa a 1.6. Kwa munthu wa makilogalamu 80, ndiye kuti magalamu 128 patsiku, ogawidwa kanayi kapena kasanu, magalamu 25 mpaka 30 nthawi iliyonse. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, nyama yophika ya magalamu 100 ili ndi pafupifupi 27.

Kuperewera kukakula kwambiri chitetezochi chimatha. Atayesa pa phiri la Pikes Peak ku America, pamtunda wa mamita 4,300, odya mapuloteni ambiri anataya minofu ngati anzawo, chifukwa thupi linangowatentha mapuloteniwo ngati chakudya china chilichonse. Yambani mwakwaniritsa makalori, mapuloteni pambuyo.

Nanga mafupa amathyoka bwanji munthu osagwa?

Poponda paliponse ndi katundu, fupa limapindika pang'ono n'kuchita timing'alu tosaoneka ndi maso. Thupi limatumiza maselo ogumula kuti achotse malo owonongekawo, kenako maselo omanga amabwera kudzadzaza. Ogumula amagwira ntchito masabata ochepa, omanga amatenga miyezi. Pakatipa fupa limakhala ndi timabowo, lofooka kuposa kale. Njala imachedwetsa omangawo: pa akazi, zizindikiro za m'magazi za kumanga fupa zinapezeka zitatsika patangotha masiku 5 a chakudya chochepa. Ulendo ukapitirira, timing'alu timalumikizana n'kukhala mng'alu weniweni. Matendawa ndi akale pa usilikali. Dokotala wa asilikali a ku Prussia (dziko lakale la Ajeremani), Breithaupt, anawafotokoza mu 1855 ataona mapazi otupa a asilikali oguba.

Malo ake ndi msongolo, timafupa ta pamwamba pa phazi, chidendene, ndi khosi la fupa la ntchafu. Ululu wake umayamba kumapeto kwa ulendo, kenako umayamba msanga, kenako umamveka poyenda wamba, pomaliza ngakhale usiku pogona. Mutha kuloza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka, ndipo kudumpha ndi mwendo umodziwo kumabaya. X-ray nthawi zambiri siionetsa kanthu m'masabata awiri kapena atatu oyamba, choncho chithunzi choyera chisakunyengeni. MRI, makina ena ojambula mkati mwa thupi, ndi amene amaona msanga. Ululu wa m'mphechepeche mwa ntchafu kapena m'chiuno poponda ndi wosayembekezera mawa: munthu asiye kupondera mwendowo mpaka atapimidwa, chifukwa khosi la fupa la ntchafu likathyokeratu pamafunika opaleshoni ndipo ambiri ntchito ya usilikali imathera pomwepo.

Asilikali a ku Israel anayesa nsapato zosiyanasiyana, zoyala m'nsapato ndi mankhwala kwa zaka zambiri, osaphula kanthu kwenikweni. Chimene chinatsitsa ming'aluyi kuchoka pa 31 peresenti kufika pa 12 peresenti chinali kuchepetsa mtunda wonse woguba ndi kulamula kuti ophunzira azigona maola osachepera 6. Ku America, pa akazi oposa 5,000 olowa usilikali wa pamadzi, omwa kashiyamu wa mamiligalamu 2,000 ndi vitamini D wa 800 IU patsiku anachita ming'alu yochepa ndi 20 peresenti.

Akazi zimawakhudza mosiyana?

Mbali zina inde. Pa maphunziro oyambirira akazi amachita ming'alu ya mafupa kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi amuna, ndipo ayironi amawathera msanga. Chizindikiro chimene chimabwera msanga ndi msambo. Kuti mudziwe ngati chakudya chikukwanira thupi, werengerani motere: chotsani makalori otha pa ntchito yolimba pa makalori odyedwa, n'kugawa ndi kulemera kwa thupi lopanda mafuta. Mkazi amene thupi lake lopanda mafuta ndi makilogalamu 48, akadya 2,400 n'kutha 1,200 pa ntchito, amatsala ndi 25 pa kilogalamu. Katswiri wofufuza Anne Loucks anaonetsa kuti pansi pa 30 mahomoni oyendetsa msambo amasokonekera m'masiku ochepa. Mlingo wabwino ndi pafupifupi 45. Msambo ukasowa miyezi 3 si chizindikiro cha kulimba, ndi nkhani yopita nayo kwa dokotala, chifukwa estrogen (homoni yachikazi) ikatsika mafupa amapyapyala. Mapiritsi olera amabisa chizindikirochi, choncho owamwa ayang'anire sikelo ndi ululu wa mafupa.

Pa kusunga minofu, akazi nthawi zambiri amachita bwino. Ku Norway, pa maphunziro ofanana a kutchire, amuna anataya minofu yambiri kuposa akazi. Akazi 6 a gulu la nkhondo la Britain amene anadutsa Antarctica pa masiku 62 mu 2017 ndi 2018 anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 10, koma ambiri mwa makilogalamuwo anali a mafuta. Iwowa anakonzekera nthawi yaitali ndipo ananyamuka atawonjezera thupi mwadala.

N'chifukwa chiyani tizilonda tating'ono timakula, ndipo kuzizira kumapweteka chonchi?

Maselo oyera a m'magazi amachulukana mochedwa munthu akakhala ndi njala, ndipo khungu limapola mochedwa akamasowa tulo. Thuza la kuphazi kapena pokandika ndi minga, zimene kunyumba zikanapola zokha, zimatupa, kufiira n'kuyamba kufalikira. Pa ophunzira a Ranger matenda a pakhungu otere ndi chibayo ndi odziwika. Tsukani chilonda chilichonse tsiku lomwelo, chongani ndi cholembera malire a pofiira, ndipo pofiirapo pakadutsa mzere pitani kwa achipatala.

Pa kuzizira, wowonda wataya mafuta a pansi pa khungu amene amasunga kutentha, ndipo wopanda shuga m'thupi sanjenjemera mokwanira. Mu February 1995 ophunzira anayi a Ranger anafa ndi kuzizira m'madambo a ku Florida, chakumapeto kwa maphunziro, atakhala m'madzi nthawi yaitali. Nthawi yokhala m'madzi imene munthu angaipirire sabata yoyamba si imene angaipirire sabata yachisanu ndi chiwiri.

Ndikonzekere bwanji ndisanalowe?

Musalowe mutawonda mwadala. Amene thupi lake lili ndi mafuta ochepa kwambiri awonjezere makilogalamu angapo m'miyezi iwiri yomaliza. Limbitsani miyendo ndi msana ndi zitsulo kwa miyezi, ndipo katundu woguba naye muzimuwonjezera pang'onopang'ono. Masabata awiri omaliza chepetsani masewera, musawonjezere. Sabata yomaliza khalani pabedi maola 9 kapena 10 usiku uliwonse: ku Walter Reed anapeza kuti ochita zimenezi amafooka mochedwa tulo tikachepa ndipo amachira msanga. Pimitsani ayironi ndi vitamini D nthawi ikadalipo yokonza. Kudziyesa pokhala ndi njala kapena kusagona musanapite n'kungotaya zimene mukanalowa nazo.

Chakudya chikachepa kutchire, ndichigwiritse ntchito bwanji?

Idyani chonse chimene mwapatsidwa, mpaka timapaketi ta shuga, mchere ndi mkaka wa ufa. Popepukitsa chikwama tayani makatoni ndi zokutira, osati chakudya. Mukakakamizika kusankha, sungani zamafuta, chifukwa galamu ya mafuta ili ndi makalori 9 pamene ya shuga kapena mapuloteni ili ndi 4. Zotsekemera ndi mabisiketi ikani m'thumba la malaya kuti muzidya mukuyenda, magalamu 30 mpaka 60 pa ola pa ulendo wautali, m'malo modikira kuima kumene mwina sikubwera. Chakudya chokhala ndi mapuloteni ambiri sungirani nthawi yogona. Mpata wotenthetsa ukapezeka, tenthetsani. Chofunda chimalowa chambiri.

Madzi imwani pang'onopang'ono koma kawirikawiri, mkodzo ukhale wachikasu chowala. Osapitirira malita 1.4 pa ola kapena malita 11 patsiku, amene ndi malire a asilikali a ku America. Lita imodzi ya thukuta imachotsa sodium pafupifupi galamu imodzi, ndipo mchere umenewu umabwerera kudzera m'chakudya. Wosadya koma akumwa madzi ambiri amasungunula mchere wa m'magazi, mutu n'kuyamba kuwawa, kusanza, kusokonezeka, mwina kukomoka kumene. Zizindikirozi zimafanana ndi za kutentha, ndiye anzake akamuwonjezera madzi amamupweteka.

Masiku oyamba nditatuluka ndidye bwanji?

Amene anali kudya ndithu, kungoti mosakwanira, ayambe ndi chakudya chochepa chofewa maola awiri kapena atatu alionse: mpunga, buledi, mkaka, mazira, zipatso, msuzi wa mchere. Matumbo amakhala atafooka, ndipo mbale yaikulu ya zonona tsiku loyamba imatsegula m'mimba. Pofika tsiku lachitatu ambiri amadya bwinobwino. Kutupa pang'ono kwa mapazi n'kofala. Mowa dikirani nawo masiku angapo, chifukwa umasokoneza tulo ndi kumanga minofu pa nthawi imene ziwirizi zikufunika kwambiri.

Zimasiyana kwa amene wakhala masiku opitirira 10 osadya chilichonse chodziwika, kapena watsika kupitirira 15 peresenti, monga wosochera kapena wogwidwa ndi adani. Ameneyu akadya kwambiri mwadzidzidzi, insulin (homoni yolowetsa shuga m'maselo) imakokera michere ya phosphate, potaziyamu ndi magnesium m'maselo, m'magazi n'kutsala zochepa, ndipo mtima utha kuima. Zinapha akaidi ena omasulidwa kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Munthu wotere adyetsedwe kuchipatala, kuyambira makalori pafupifupi 10 pa kilogalamu patsiku, atalandira kaye vitamini B1, magazi akupimidwa tsiku ndi tsiku.

Nanga mankhwala opha ululu, caffeine ndi testosterone?

Caffeine, amene amapezeka mu khofi ndi tiyi, amagwira ntchito. Pa ophunzira a Navy SEAL (asilikali apadera a pamadzi a ku America) amene anakhala maola 72 osagona, mamiligalamu 200 anawathandiza kukhala tcheru popanda kusokoneza kuwombera. Amabisa tulo kwa maola ochepa, salowa m'malo mwake, ndipo akamwedwa pafupi ndi nthawi yogona amaba tulo tochepa tomwe tinalipo.

Ibuprofen ndi anzake samalani nawo. Amabisa ululu wochenjeza, amalemetsa impso za munthu wopanda madzi m'thupi, ndipo pa asilikali a ku America opatsidwa mankhwalawa ming'alu ya mafupa inapezeka yochuluka pafupifupi katatu.

Testosterone wobaya anayesedwa mu 2019 pa amuna operewedwa chakudya ndi 55 peresenti kwa masiku 28. Thupi lopanda mafuta linakula, koma mphamvu za miyendo zinatsikabe. Wogula mwamseri amangozimitsa testosterone wa thupi lake, amene akanabwerera yekha ndi chakudya.

Ndi zizindikiro ziti zofunika achipatala nthawi yomweyo?

Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi minofu yotupa yowawa kwambiri: minofu ikusungunuka ndipo impso zili pangozi, makamaka kwa amene ali ndi chibadwa cha sickle cell. Kulankhula zosamveka, kudzandira kapena ndewu yosadziwika bwino potentha: muvuleni, mumizeni m'madzi ozizira pomwepo, galimoto ibwere akuzizira kale. Wozizidwa amene wasiya kunjenjemera. Kupweteka pachifuwa, kukomoka, kupuma movutikira ndi malungo. Komanso msilikali amene masabata apita atatuluka koma sakugona, sakudya, wadzipatula, kapena akulankhula zodzipha. Ameneyu musamusiye yekha.

Mkulu wa asilikali angadziwe bwanji kuti munthu wakonzeka kubwerera?

Kumufunsa sikokwanira. Msilikali wabwino amayankha kuti ali bwino, ndipo taona kale kuti amamvadi choncho. Pimani asanalowe, kuti mukhale ndi poyerekezera: kulemera kwa m'mawa asanadye, kugunda kwa mtima akangodzuka, ndi kudumpha. Kudumphako sikufuna makina. Munthu apake choko ku zala, aime chammbali pakhoma, akhudze pamene dzanja likufika, kenako adumphe katatu akukhudza khoma. Yezani kuchokera pa chizindikiro choyamba kufika pa chapamwamba kwambiri. Bwerezani sabata iliyonse akatuluka. Ife timalangiza kuti amene kudumpha kwake kukadali kotsika ndi 10 peresenti kapena kuposerapo asasenze katundu wolemera kapena kudumpha kuchoka pamwamba, ngakhale sikelo itabwerera. Achipatala afunse mwachinsinsi za tulo, msambo, chilakolako cha kugonana, ndi malo alionse a fupa opweteka akadinidwa.

Pambuyo pa sabata imodzi yoopsa perekani masabata awiri kapena atatu. Pambuyo pa maphunziro a miyezi iwiri perekani masabata osachepera 5 kapena 6. Sabata yoyamba ikhale yoyenda wamba ndi kusambira, yachiwiri zitsulo zopepuka, kenako kuthamanga ndi katundu zibwere pang'onopang'ono, osawonjezera kulemera ndi mtunda sabata imodzimodzi. Amene anabwezedwa kuti abwereze gawo la maphunziro apimidwe mwapadera, chifukwa wakhala m'njala nthawi yaitali kuposa anzake atsopano amene waima nawo pamzere. Manambala onsewa alembedwe pa pepala limene lizitsagana ndi msilikaliyo kulikonse akutumizidwa, popeza alangizi a maphunziro otsatira sadziwa kumene wachokera mwezi watha pokhapokha wina atawauza.